Makope pa Jeke ya Fodya

Lolemba

Katoni yafika!

Yabwera pa kabaza kuchokera pa Lisasadzi. Wakabazayo thukuta lili kamukamu, njira yonse akuganiza kuti wanyamula mafuta ophikira. Ndamuuza kuti ndi makope. Nkhope yagwa.

Otumiza ndi anzanga a ku yunivesite, a m'gulu lathu la pafoni. Iwo ali m'maofesi ozizira ku Lilongwe. Ine ndili pano ndi Sitandade 6, digiri yanga ya zachitukuko ikudyedwa ndi njenjete m'sutikesi. Mwezi watha ndinawadandaulira kuti ana khumi ndi awiri a matenanti, a pa esiteti ya fodya kuseri kwa sukuluyi, asiya kubwera. Makolo awo akuti alibe polemba. Anzangawo manyazi awagwira, asonkha.

Za m'katoni:
makope 72
zolembera 24
mapensulo 24
marula 12
sopo, mitanda 12
diresi la yunifomu limodzi, labuluu, lomwe lamuthina mwana wa mnzanga wina

Dongosolo: mwana aliyense makope asanu ndi limodzi, zolembera ziwiri, mapensulo awiri, rula, sopo. Lachisanu ndigawa, Lolemba onse ali m'kalasi. Ku yunivesite ndinalemba masamba 80 pa nkhani ya kasankhidwe ka anthu oyenera thandizo, ndipo ndinakhoza bwino. Lero masambawo apeza ntchito.

Diresi ndi la Edina. Zaka khumi ndi zitatu, masamu amangowamwa ngati thobwa, koma masabata atatu tsopano sakuoneka. Loweruka lapitali ndinakumana ndi amayi ake ku chigayo. Akuti mlongo wake wa mwini esiteti akubwera Lamulungu kuchokera ku Lilongwe, akufuna mtsikana wokamulerera mwana. Kapitawo wa pa esiteti waloza Edina. Amayiwo akuti: "Akanakhala pasukulu tikanakana, Madamu. Nanga tikana bwanji mwana akungosoka fodya m'chigafa?"

Ndiye ndili ndi masiku asanu ndi limodzi. Ndi ambiri.

Lachiwiri

Cholakwa choyamba: ndatsegula katoni m'chipinda cha aphunzitsi.

Ahedi amva fungo la mapepala atsopano ali mu ofesi mwawo. Afika, ayamikira anzanga, ayamikira yunivesite, ayamikira makolo amene anandibereka, maso atatsinzina ngati akupemphera. Kenaka: "Komatu Madamu, chinthu chikalowa pa geti chimakhala cha komiti."

Sukuluyi ilibe geti. Ilibe ndi mpanda womwe.

Aitanitsa wapampando wa komiti ya sukulu, Mayi Nabanda. Mayi wansangala, wogulitsa mandasi panja pa kalasi yanga. Akhala akugawa zinthu m'dera lino ine ndisanamere mano: makuponi a feteleza, masikito, chimanga cha chaka cha njala, ufa wa phala. Andikumbatira, anditcha mwana wawo, andipatsa mandasi awiri aulere. Ndimayenera kuchenjera pomwepo.

Ndawafotokozera za kasankhidwe ka oyenera thandizo. Ndaponyamo mawu atatu a Chingerezi. Andimvetsera mwaulemu, ngati munthu womvera mwana akufotokoza maloto.

Mayankho awo:
"Khumi ndi awiri okha? Nanga enawa ndi ana a mbuzi?"
"Kuponi imodzi timagawana makomo anayi, thumba timaligawa ndi chidebe. Kope ndi chiyani?"
"Mukapatsa ochepa, mwana wanga, mawa pa mjigo palibe akupatseni moni."

Ine ndimatunga pa mjigo womwewo.

Msonkhano mawa. Katoni yagona mu ofesi. Loko ndi ya ahedi, kiyi ali pa chitenje cha Mayi Nabanda, ine ndatsala ndi mndandanda wanga wa mayina.

Chimodzi ndapulumutsa. Nthawi imene ahedi amayamikira makolo anga maso atatsinzina, diresi ndalilowetsa m'chikwama changa. Sanaone.

Lachitatu

Msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Ndimayembekeza anthu khumi a komiti. Pabwera midzi itatu. Palibe anawaitana. Angomva kuti kusukulu kwabwera zinthu. Ena amva kuti ndi feteleza, ena malata. Abambo ena abwera ndi wilibala.

Kulemba mayina a osauka. Amene asauka lero:

a Gondwe, a ngolo ziwiri ndi ng'ombe zinayi, atavala malaya ong'ambika pamsana. Ndikukhulupirira amawasungira masiku ngati ano, ong'ambikawo ndi ositidwa bwinobwino;
mayi wa golosale ya pamsewu;
agogo ena amene mdzukulu wawo womaliza ndi wapolisi ku Mzuzu. Alembetsa "mwina kubwera wina";
khanda la miyezi inayi. "Lidzakula."
ahedi, chapansipansi, adzukulu awiri.

Mayina 132.

Matenanti palibe ndi mmodzi yemwe. Fodya wakhwima, ali kumunda akuthyola. Ndakweza dzanja, pamsonkhano wa katoni yanga yomwe, ndadikira kuti andiloze. Ndakumbutsa anthu kuti zinthuzi zinabwerera ana a pa esiteti.

A Gondwe: "Amenewo ndi alendo. Fodya akagulitsidwa akwera lole kubwerera kwawo ku Phalombe, makope athu ali m'thumba."

Makope athu. Tsiku limodzi lakwana.

Ndaimirira, ndalankhula. Ufulu wa mwana, tsogolo la dziko, zonse. Pofika pakati zaufulu ndazisiya, ndangonena za Edina ndi galimoto ya Lamulungu. Pagwa bata. Ndati ndawagwira mtima.

Mayi wina kumbuyo: "Ku Lilongwe? Mwayi wake. Wangayu sangamutengenso?"

Andipulumutsa ndi Mayi Nabanda, mwa njira yawo. "Madamu alira apa. Alembeni alendowo."

Mayina 144. Makope 72. Ndati sizikwana. Midzi itatu yaseka pamodzi, mpaka mbalame zathawa mu mtengo.

"Digiri yonseyo, mwana wanga, osadziwa kuti kope lili ndi pakati?"

Lachinayi

Tsiku locheka.

Akalipentala, a Zimba, afika ndi macheka mamawa ndithu. Ayesera kaye pa kaundula wakale wa ahedi. Mapepala angotafunika. Aima, akanda mutu, ati pafunika chopanira. Atumiza uthenga kwa a Gondwe, osauka a dzulo aja, ndipo pangolo yawo yachiwiri pabwera jeke yodindira mabelo a fodya.

Kachitidwe kake: makope khumi ndi awiri pamodzi, kuwapana pa jeke mpaka alimbe ngati thabwa, mzere wa choko pakati, macheka. Fumbi loyera likugwa ngati ufa pa chigayo. Ana atuluka m'makalasi onse kudzaonerera, akuwomba m'manja mulu uliwonse ukaduka. Sitandade 6 lero sinaphunzire. Mphunzitsi wake waima pamenepo, mkono pamutu.

Ndivomere chimodzi: ntchito yake ndi yaukhondo. Palibe theka lokula kuposa linzake. Mayi Nabanda akuyeza lililonse ndi chingwe, ndipo lina alibweza kuti a Zimba alisalaze.

Kuseri kwa makopewa kuli matebulo ochulukitsira. Theka lam'mwamba latenga 2 mpaka 6, lam'munsi 7 mpaka 12. Dera lino likhala ndi ana a mitundu iwiri, odziwa zoyambirira ndi odziwa zomalizira. Adzangoyenera kukwatirana.

Zotsalazo:

Mapensulo. Iliyonse pasanu ndi kamodzi. Kachidutswa kake n'kakafupi kuposa ndudu ya chingambwe yosutidwa kale. Kukasongola kawiri, kapita.

Sopo. Kudula kwake ndi ulusi. Sanavute, anazolowera.

Marula. A Zimba amafuna kuwadula pakhumi ndi kawiri. Ndagwada. Achita chifundo, awadula pawiri pokha, opata adzapata pa mayere. Wina alandira 0 mpaka 15, wina 15 mpaka 30. Wachiwiriyu moyo wake wonse azidzaona zinthu zazitali: chala chake masentimita 21.

Zolembera. Mkangano wa ola lathunthu. Ganizo loyamba: wina atenge chitsekero, wina kamtima ka inki, wina chikhungwa. Ganizo lachiwiri: zizisinthanidwa, khomo lililonse tsiku lake. Ganizo la a Zimba: kucheka basi. Chigamulo: zisungidwe ndi komiti, "pakuti nayonso imalemba."

Madzulo ndapachika diresi kuseri kwa chitseko changa, ndaliyang'ana nthawi yaitali. M'katoni monse, kupatula zolembera za komiti zija, chatsala chathunthu ndi chimenechi.

Anzanga pafoni: "Zikuyenda?"
Ine: "Zikuchulukirachulukira."

Lachisanu

Kugawa.

Pemphero. Mawu a ahedi. Mawu a Mayi Nabanda. Mawu a a Gondwe m'malo mwa osauka. Ine anditchula kamodzi, kuti "ndi Madamu athuwa amene anathandiza kunyamula."

Mzere wafika ku zimbudzi. Aliyense akulandira ndi manja awiri: theka la kope, kachidutswa ka pensulo, kasopo konga kabisiketi. Ndikufuna kukwiya koma sizikutheka bwino. Kamtsikana kena ka Sitandade 2 katsegula theka lake, kaliika pamphuno, katseka maso. Chibadwire sikanagwirepo kope losalembedwamo ndi mkulu wake. Agogo a wapolisi aja avina. Khanda laluma lake.

Matenanti palibenso. Kapitawo sanawalole, akuti fodya sadikira komiti. Wina wapereka ganizo lakuti gawo lawo ligawidwenso kwa amene alipo, "sopoyo angasungunuke." Mayi Nabanda angomuyang'ana. "Za olembedwa sitikhudza." Amanga ndi luzi matheka khumi ndi awiri, tizidutswa ta pensulo ndi tisopo, andipatsa m'manja. Mayiwa sindikuwamvetsa. Amadula zinthu koma saba.

Wakuba ndi ine.

Diresi ndinalibwezera m'chikwama m'mawa, kuti tikaweruka ndipite nalo ku esiteti. Ndikutulutsa foni kuti ndijambule chithunzi cha anzanga, lamba wa diresi wakola foni, watuluka. Diresi lamutsatira. Labuluu, pamaso pa midzi itatu.

"Madamu abisa."

Mawuwo ayenda ndi mzere mpaka ku zimbudzi, abwerera atanenepa: ndabisa madiresi khumi, ndabisa nsapato, makatoni anali atatu. Kuno munthu angakukhululukire zambiri, koma osati kubisa za kugawa. A Gondwe, akupukusa mutu: "Ophunzirawa ndi amene amatimaliza."

Mlandu pansi pa mango pomwepo. Ndafotokoza za Edina. Telala wa pamsika wagwira diresi, walitambasula, wati mutuluka timasiketi tiwiri ta ana a Sitandade 1 ndi kampango. A Zimba ayang'ana macheka awo. Ahedi agamula: diresi ndi katundu wa sukulu, lizikhala mu ofesi, lizivalidwa ndi mwana wolandira alendo tsiku lobwera akuluakulu a maphunziro.

Lapachikidwa pa msomali, pafupi ndi kalendala ya chaka chatha.

Pa mjigo madzulo ndapereka moni kwa amayi asanu ndi awiri. Mmodzi wandiyankha ndi mutu. Pang'ono.

Atsala masiku awiri.

Loweruka

Ku esiteti wapansi, mtolo wa luzi m'manja. Ndikuchita nawo manyazi, ndaukulunga m'chitenje.

M'chigafa mukutentha, fungo la fodya wamuwisi likulowa mpaka m'mano. Amayi akhala pansi akusoka masamba, manja akuda ndi utomoni. Ana anga khumi ndi awiri onse ali momwemo. Chiyambire teremu sindinawaonepo atakwanira chonchi. Agwada, apereka moni, manja abisa kumbuyo.

Ndamasula mtolo. Ndafotokoza. Lero sindinaponyemo Chingerezi.

Bambo wachikulire pakati pa matenantiwo, a Makwinja, atola theka limodzi, alitembenuza uku ndi uku.
"Linali lalitali?"
"Eya."
"Wadula ndani?"
"Komiti."
"Oho."
Sanafunsenso. Ndikuona kuti nakonso ku Phalombe makomiti alipo.

Amayi ake a Edina: "Kameneka maphunziro onse, Madamu? Sabata imodzi katha, abwerera muno. Kapitawo atiseka."

Ayamba kukambirana mu Chilomwe. Ine ndi digiri yanga tangokhala pa mtolo wa mikangala yopachikapo fodya, sitikumvapo kanthu. Manja awo sanasiye kusoka. Kenaka mayi mmodzi watenga theka la mwana wake, waliika patsogolo pa Edina. Wina watero. Winanso. Matheka, tizidutswa ta pensulo, tisopo, zonse mulu umodzi.

A Makwinja andimasulira: "Tikagawana palibe apite. Apite mmodzi. Uyu, ndiye amatiwerengera makadi a kuchipatala."

Zimene ndinalemba masamba 80 azichita m'mphindi zisanu, osaitanitsa ndi mandasi omwe.

Womaliza kupereka ndi Lusiya, mnzake wa Edina wa desiki imodzi, wamkulu ndi chaka. Waligwira kanthawi theka lakelo, wawerenga matebulo a kuseri milomo ikuyenda, kenaka waliika pamulu, wabwerera ku fodya.

 Edina watenga singano yosokera fodya ndi ulusi wake, wayamba kuphatikiza matheka awiriawiri, n'kuwasoka kumsana. Amasankha: lam'mwamba ndi lam'munsi, kuti matebulo akwanire. Atuluka makope asanu ndi limodzi, afupiafupi, onenepa, onunkha fodya.

"Masamu tili pati, Madamu?"
"Tizigawo."
"Ndaphonya zambiri?"
Ndamuuza kuti aphunzitsi ake nawonso aphunzira sabata yomwe ino.

Vuto latsala ndi chovala. Chimene ali nacho chang'ambika m'mapewa, utomoni wa fodya unachisintha mtundu. Amayi ake: "Ndi chimenechi sapita, anzake amuseka. Ndipo Kapitawo sakhulupirira za sukulu akaona ali chonchi."

Pobwerera ndadzera kwa ahedi. Ndawapeza akupalira mbatata. Za ufulu wa mwana sindinatchule, ndaphunzira. Ndawafunsa ngati akudziwa kuti mu ofesi mwawo muli makoswe. Akudziwa, anawadyera sitampa padi, kansanza ka inki ya chidindo. Ndati katundu wa sukulu akadyedwa ali pa msomali, adzafunsidwa ndani? Khasu laima.

"Zoonatu. Lifunika womusunga."

Ndati njira yokha yoti khoswe asadye diresi ndi yakuti mukhale munthu.

Tapita kwa Mayi Nabanda. Amvetsera, andiyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pakufuna kuseka. "Bola likhalebe la komiti." Ndiye kuyambira lero Edina ndi Msungi wa Diresi la Sukulu. Ntchito yake: kulivala tsiku lililonse la sukulu, kulichapa Loweruka, kufika nalo m'kalasi nthawi yabwino kuti komiti izilionera. Kalata ndalemba ine, asaina ahedi ndi cholembera cha komiti. Chidindo chauma chifukwa cha makoswe aja, achipumira mpweya katatu, chagwira.

Mayi Nabanda pondiperekeza: "Mukanayamba chonchi Lachiwiri, mwana wanga." Mandasi lero andigulitsa.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndalawirira ku esiteti ndi diresi ndi kalata.

Diresi ndi lalitali pang'ono. Amayi ake ati asalipinde, akula nalo. Edina waima pakhomo atalivala, makope ake onenepa aja m'khwapa, tsiku la Mulungu lopanda sukulu.

Galimoto yafika dzuwa lili pamutu. Yoyera, magalasi akuda. Mlongo wa mwini esiteti sanatsike, wangotsitsa galasi. Bambo ake a Edina apereka kalata kwa Kapitawo ndi manja awiri. Kapitawo wawerenga kawiri. Mawu sanamuvute, chamuvuta ndi chidindo. Wachipendeketsa pa dzuwa, wachikhudza ndi chala, wabweza kalata. "Uyu ali ndi udindo, Mayi. Za boma izi."

Edina watsala.

Ndinali nditayamba kale kumwetulira.

Mayi uja sanachoke ku Lilongwe kuti abwerere yekha. Kapitawo wayang'ana makomo a matenanti, kuyambira kumtunda kutsika. Waima pa la Lusiya. Amayi ake alibe kalata. Ayang'ana ine. Ndayandikira pa galasi, ndayamba kunena kuti nayenso ndi wa m'kalasi mwanga, ali m'kaundula. "Ndikamulowetsa sukulu komweko, Madamu, musadandaule." Anena choncho maso ali pa foni.

Lusiya walowa kumbuyo ndi jumbo ya zovala. Zonse sizinathe mphindi khumi. Amayi ena abwerera m'chigafa, fodya wa dzulo sanathe kusokedwa.

Madzulo anzanga pafoni: "Tafikira ana angati?"

Ndalemba 144. Si bodza. Atumiza timanja towomba tambirimbiri, wina wati nkhaniyi ikufunika pa wailesi. Agwirizana kuti teremu yamawa atumize nsapato. Nsapato zimabwera ziwiriziwiri. Mayi Nabanda sadzafunanso ndi macheka omwe.

Ndatunga madzi. Moni andiyankha atatu.

Ndakonzeratu kaundula wa mawa. Edina ndimuchonga kuti alipo. Khumi enawo ndilemba monga mwa masiku onse, mpaka fodya athe. Pa dzina la Lusiya pali kabokosi kolembamo chifukwa chake. Ndilemba kuti wasamuka. Ndi mawu okhawo amene akukwana m'kabokosimo.